ALENDO OCHOKERA KUTHAMBO: ZA M'KANEMA NDI ZIMENE ZINACHITIKADI

FINGOÉ — Dzuwa likapendeka m'misika ya boma la Marávia, jenereta imayamba kulira ndipo ana amathamangira ku kanyumba ka kanema atafumbata timakobiri tawo. Ena amaunjikana pa foni imodzi pakhonde la sitolo. Makanema ambiri amafika kuno atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi, amene amalankhula pamwamba pa Chingerezi n'kumathiramo nthabwala zawo. Pakati pa makanema a karate ndi a nkhondo pali mtundu wina umene umasiya mafunso m'mitu ya ana: uja wa zamoyo zamitu ikuluikulu zimene zimatsika pa chombo kuchokera ku nyenyezi.

Mwana akafika kunyumba amafunsa agogo ake ngati zinthu zimenezi zilipodi. Yankho lake n'lakuti kufikira lero palibe munthu kapena boma limene lasonyeza umboni wogwirika wakuti zamoyo za kuthambo zinafikapo pa dziko lino. Komabe makanemawa si oti n'kungowataya, chifukwa nkhani imene amanena ndi ya mlendo ndi eni mudzi, ndipo anthu a m'malire muno nkhani imeneyi amaidziwa kuposa amene anapanga kanemayo.

Mlendo wobwera ndi nkhondo

Gwero la makanema ambiri otere ndi buku lotchedwa The War of the Worlds, limene Mngelezi wina, H. G. Wells, anatulutsa m'chaka cha 1898. M'bukumo zamoyo za ku Mars zimatera ku England ndi makina ataliatali a miyendo itatu, n'kumatentha midzi ndi mizinda. Asilikali amalephera, mfuti zikuluzikulu zimalephera, ndipo pomaliza adaniwo amafa ndi tizilombo ta matenda timene matupi awo sanatizolowere.

Wells sanabise chimene chinali m'mutu mwake. Kumayambiriro kwa bukuli anakumbutsa Angelezi anzake za anthu a pa chilumba cha Tasmania, amene iye anati anatha psiti Azungu atafika kumeneko. Iye ankafuna kuti anthu a kwawo alaweko, ngakhale m'nthano chabe, zimene mitundu ina inaona pamene zombo zinafika ndi zida zoposa zawo. Pa 30 Okutobala 1938 Orson Welles anaseweretsa nkhaniyi pa wailesi ku America ngati kuti ikuchitikadi, ndipo omvera ena anachita mantha poganiza kuti nkhondo yayamba. Kanema wake anapangidwa mu 1953, ndipo Steven Spielberg anapanganso wina mu 2005. Independence Day wa mu 1996, uja zombo zikuluzikulu zimaphimba mizinda, ndi mwana wa nkhani yomweyi. Predator wa mu 1987, amene anyamata amamukonda chifukwa cha Arnold Schwarzenegger, amasonyeza mlendo amene wabwera kudzasaka anthu monga momwe mlenje amasakira nyama.

Munthu wa ku Marávia safunika kuyang'ana ku Mars kuti amvetse zimenezi. Dzina lenilenilo la boma lino linachokera kwa Amaravi, ndipo dziko ili linali pansi pa Undi, amene likulu lake linali ku Mano. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi ndi Amwenye a ku Goa anaoloka Zambezi kudzafuna golide m'dziko la Undi, ali ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mu 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete ndi ulendo waukulu wopita kwa Kazembe, ndipo mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo. Makolo anaona anthu a khungu lachilendo, olankhula zosamveka, onyamula ndodo zolavula moto. Pambuyo pake kunabwera msonkho ndi ntchito yokakamiza ya chibalo, ndipo nkhondo yomenyera ufulu itafika m'chigawo cha Tete mu 1968 kunabwera ndege ndi mahelikopita.

N'chifukwa chake kanema wa Avatar, amene James Cameron anatulutsa mu 2009, amamveka msanga kuno. M'kanemayu alendo oopsa ndi anthu a dziko lino. Amapita ku dziko lotchedwa Pandora kukakumba mwala wamtengo wapatali, ndipo atapeza kuti mwalawo uli pansi pa mudzi wa eni dziko, amagwetsa mtengo waukulu umene eni dzikowo ankakhalamo. Akuluakulu amene amakumbukira momwe anthu zikwizikwi anasamutsidwira m'mbali mwa Zambezi pamene damu la Cahora Bassa linkatsekedwa mu 1974, kapena amene anamva za mabanja oposa 1,300 amene anachotsedwa ku Moatize m'zaka za 2009 ndi 2010 kuti mgodi wa malasha utsegulidwe, safuna womasulira pa kanema ameneyu.

Mlendo wobwera ndi moni

Si makanema onse amene amaopseza. Mu 1951, pamene America ndi Soviet Union ankaopsezana ndi mabomba a atomiki, kunatuluka The Day the Earth Stood Still. Mlendo wake, Klaatu, amatsika ku Washington ndi mphatso m'manja, koma msilikali wamantha amamuwombera asanamve n'komwe chimene wadzera. Uthenga wake unali wochenjeza anthu kuti aleke nkhondo.

Spielberg yemwe uja anapanga makanema awiri a mlendo wofatsa. Mu Close Encounters of the Third Kind wa mu 1977, anthu ndi alendo amalankhulana ndi kanyimbo ka mawu asanu ndi magetsi amitundumitundu, popeza palibe chilankhulo chimene onse akuchidziwa. Mu E.T. wa mu 1982, kamlendo kakang'ono kamasiyidwa ndi anzake, ndipo ana amakabisa m'nyumba, kukadyetsa ndi kukathandiza kubwerera kwawo, pamene akuluakulu a boma akukasaka kuti akakapime.

Amene anafika pamutu penipeni pa nkhaniyi ndi Arrival wa mu 2016. Zombo 12 zimaima m'malo osiyanasiyana a dziko lapansi, osaombera, osanena kanthu. Asilikali amaitana mayi wina katswiri wa zilankhulo kuti akafunse alendowo chimene adzera. Mayiyo amatha miyezi akuphunzira zolemba zawo. Tsiku lina alendowo amapereka mawu amene ena amawamasulira kuti chida cha nkhondo, pamene ena akuti ndi chipangizo chogwirira ntchito, ndipo dziko limatsala pang'ono kulowa m'nkhondo chifukwa cha liwu limodzi lomasuliridwa molakwa. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la milandu pamene woweruza akulankhula Chipwitikizi, woimbidwa mlandu akuyankha m'Chinyanja, ndipo onse akudalira womasulira mmodzi, akudziwa kulemera kwa ntchito imeneyi.

Mlendo wothawa kwawo

Kanema amene amakhudza kwambiri anthu a chigawo chino anapangidwa ku Joni. Dzina lake ndi District 9, wa mu 2009, ndipo anamupanga ndi Neill Blomkamp, wobadwira ku Johannesburg. Mmenemo chombo chachikulu chimaonongeka n'kuima pamwamba pa mzindawo. Alendo a m'chombomo alibe mphamvu, ndi anjala ndi odwala, oposa miliyoni imodzi. Boma limawatsekera m'kampu ya zisakasa za malata, anthu amawapatsa dzina lachipongwe, ndipo patapita zaka eni mzinda amayamba kufuula kuti achoke. Kalaliki wina amene watumidwa kukawasainitsa mapepala owasamutsa amadwala matenda amene pang'onopang'ono amamusandutsa mmodzi wa iwo, ndipo m'pamene amadziwa kuwawa kwa kukhala munthu wopanda pepala.

Dzina la kanemayu limakumbutsa District Six, dera la ku Cape Town limene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi la Azungu okha, n'kuchotsamo anthu oposa 60,000. Koma chaka chimene kanemayu ankajambulidwa ku Soweto, mu 2008, m'mwezi wa Meyi munabuka ziwawa zothamangitsa anthu obwera. Anthu 62 anaphedwa. Mmodzi wa iwo anali Ernesto Nhamuave wa ku Moçambique, amene anatenthedwa wamoyo, ndipo chithunzi chake chinazungulira dziko lonse. Anthu ambirimbiri a ku Moçambique, Malawi ndi Zimbabwe anabwerera kwawo chimanjamanja.

Kanemayu nayenso ali ndi chilema chake. Anthu a ku Nigeria anasonyezedwamo ngati zigawenga ndi odya anthu, ndipo boma la Nigeria linalamula kuti asaonetsedwe m'nyumba za kanema za kumeneko. Kanema wodzudzula tsankho anagwera yekha m'mbuna ya tsankho.

Anthu a ku Marávia anakhalapo alendo otere. M'nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, midzi yambiri ya m'malire inatsala mabwinja. Ena anathawira ku Zambia n'kukakhala ku kampu ya Ukwimi m'boma la Petauke, ena kwa abale awo ku Katete, ndipo Malawi analandira anthu oposa miliyoni imodzi. Iwo amadziwa kuima pamzere ndi khadi la chakudya m'manja, ndiponso amadziwa mudzi umene unawapatsa munda ndi mudzi umene unawatsekera chitseko. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene ana a ku Ruwa ananena

Nkhani yodziwika kwambiri ya anthu onena kuti anakumana ndi alendo a kuthambo inachitika pafupi pompano, ku Zimbabwe. Lachisanu pa 16 Seputembala 1994, pa sukulu ya pulayimale ya Ariel ku Ruwa, makilomita ngati 22 kuchokera ku Harare, aphunzitsi anali pa msonkhano ndipo ana ankasewera panja nthawi yopuma ya m'mawa. Ana 62, a zaka zapakati pa 6 ndi 12, ananena kuti anaona chinthu chonyezimira chikutera m'tchire kuseri kwa bwalo, ndipo panatuluka tianthu tovala zakuda, ta maso akuluakulu. Panalibe mphunzitsi amene anaona.

Mtolankhani wa BBC, Tim Leach, anafika kudzajambula anawo. Mayi Cynthia Hind, amene ankafufuza nkhani zotere, anawauza kuti ajambule pa pepala zimene anaona. M'mwezi wa Novembala kunabwera Dokotala John Mack wa ku yunivesite ya Harvard ku America, ndipo ana ena anamuuza kuti tianthuto tinawapatsa uthenga m'maganizo, wakuti anthu akuononga dziko. Ambiri a iwo, tsopano ali akuluakulu, amanenabe zomwezo, monga momwe anasonyezera kanema wa Ariel Phenomenon wa mu 2022.

Pali zinthu zinayi zimene munthu ayenera kuziika pambali pa umboni umenewu. Choyamba, masiku awiri m'mbuyo mwake, usiku wa pa 14 Seputembala, anthu ambiri a m'mayiko a kum'mwera kwa Africa anaona moto waukulu ukudutsa kumwamba. Chinali chidutswa cha roketi ya ku Russia imene inanyamula satelayiti ya Cosmos 2290, chikupsa pobwerera pansi. Koma masiku amenewo mawailesi ndi anthu m'misewu ankangokamba za zombo zachilendo, ndipo ana ankamva. Chachiwiri, anawo poyamba anafunsidwa m'magulu, wina akumva zimene mnzake akunena, ndipo aliyense amene analerapo ana akudziwa momwe nkhani imakulira ikamayenda motero. Chachitatu, si onse amene anaganiza za nyenyezi. Ana ena anathawa poganiza kuti aona tokoloshi, chifukwa ndi zimene anakula akumva kwawo, pamene ena anajambula mitu ndi maso ofanana ndi a pa TV. Chachinayi, m'kanema wa Encounters wa mu 2023, mmodzi wa ophunzira akalewo ananena kuti iye ndiye anayambitsa nkhaniyo poloza mwala wonyezimira, ngakhale anzake amatsutsa zimenezi.

Palibe chitsulo, chithunzi kapena phazi limene linapezeka pamalopo. Sikuti anawo ankanama onse ayi. Munthu amatha kuona chinthu chimene sakuchidziwa, ndipo mutu wake umachiveka nkhope imene anaiona kale, kaya ndi m'nthano za agogo kaya ndi m'kanema.

Achewa ali nayo njira yawoyawo yovekera mlendo nkhope. M'Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Moçambique, Malawi ndi Zambia, muli zilombo monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maria, zimene zinatuluka Azungu ndi amishoni atafika. Makolo anatenga chinthu chachilendo ndi choopsa n'kuchibweretsa pabwalo kuti anthu achione, achiseke ndi kuphunzirapo. Opanga makanema a ku America amachita ntchito yofanana ndi imeneyi pa mantha a kwawo.

Akatswiri akuti chiyani

Akatswiri a zakuthambo sakana kuti kwina kungakhale zamoyo. Mu mlalang'amba wathu wokha muli nyenyezi zoposa 100 biliyoni. Kuyambira mu 1995, pamene Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza dziko lozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa, mayiko otere opezeka apitirira 5,000. Ku Karoo ku South Africa kuli makina otchedwa MeerKAT, mbale zikuluzikulu 64 zimene zinatsegulidwa mu 2018, ndipo zina mwa ntchito zake ndi kumvetsera ngati kungamveke chizindikiro chochokera kwa zamoyo zanzeru. Mpaka pano sikunamveke kanthu kotsimikizika. Mu Seputembala 2023 gulu la akatswiri limene bungwe la NASA linasankha linanena kuti silinapeze umboni wakuti zinthu zachilendo zooneka kumwamba n'zochokera ku mayiko ena.

Vuto lalikulu ndi mtunda. Kuwala kochokera ku nyenyezi yapafupi kwambiri ndi dzuwa, Proxima Centauri, kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Chombo cha Voyager 1, chimene chimayenda makilomita 17 pa sekondi imodzi, chingatenge zaka zoposa 70,000 kuti chiyende mtunda umenewo. Za m'kanema zoti chombo chimanyamuka m'mawa n'kufika madzulo ndi zokometsera nkhani chabe.

Chombo chimenechi chili ndi nkhani yoti anthu a kuno anyadire. Voyager 1 ndi mnzake Voyager 2 ananyamuka mu 1977, ndipo chilichonse chinanyamula mbale yokutidwa ndi golide, yokhala ndi nyimbo, zithunzi ndi moni m'zilankhulo 55 za dziko lapansi, kuti ngati wina adzachitola adzadziwe za anthu. Chimodzi mwa zilankhulo zimenezo ndi Chinyanja, ndipo Chipwitikizi chilimonso. Moni wa Chinyanjawo ndi wofunsa anthu onse akumwamba kuti ali bwanji. Voyager 1 inatuluka m'dera la mphepo ya dzuwa mu 2012, ndipo ili pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni. Chilankhulo chimene amayi amaitanira ana ku Fingoé ndi ku Chiputo chafika kumene munthu sanafikeko.

Kutsidya kwa malire nakonso kunali munthu amene anaganizirapo za kukumana kumeneku. Mu 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu, mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti adzatumiza mtsikana, amphaka awiri ndi mmishoni ku Mars. Ophunzira ake ankawagubuduza m'mgolo pa chitunda kuti azolowere ulendowo. Manyuzipepala a kunja anamuseka, ndipo ulendowo sunachitike. Koma analemba kuti mmishoniyo anamulangiza kuti asakakakamize anthu a ku Mars kulowa Chikhristu ngati sakufuna. Munthu amene anakula pansi pa atsamunda anadziwa chimene mlendo sayenera kuchita akafika kwa eni ake. Nkhani yake inapangidwa kanema wamfupi wotchedwa Afronauts mu 2014.

Kwa makolo, aphunzitsi ndi mafumu

Ngozi imene ilipo m'midzi ndi mphekesera. Masiku ano timakanema tachinyengo timayenda pa WhatsApp ndi Facebook, tosonyeza chombo chikutera kapena chamoyo chachilendo chitagwidwa, ndipo tambiri timapangidwa ndi kompyuta. Usiku kumwamba kumadutsanso masatelayiti, ena oyenda mondondozana ngati mikanda, amene munthu wosawadziwa angathawe nawo. Mantha otere akakumana ndi munthu wachilendo m'mudzi, magazi amakhetsedwa. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa, imene kuno imatchedwa chupa-sangue, inafala m'maboma a Mulanje ndi Phalombe ku Malawi, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Panalibe ngakhale wopopa magazi mmodzi amene anapezeka.

Mwana akafunsa za zamoyo za m'kanema, ndi bwino kumuuza kuti ndi sewero, lopangidwa ndi anthu ovala zinthu kapena ndi kompyuta. Pambuyo pake afunsidwe kuti m'kanemamo ndani anayamba kuombera, ndani anapereka madzi kwa mlendo, ndipo ndani analandidwa malo ake. Mphunzitsi angathe kutengera ana panja usiku wopanda mwezi, kuwasonyeza mlalang'amba ndi kuwauza za moni wa Chinyanja umene uli paulendo. Ndipo munthu wachilendo akafika m'mudzi, kaya ndi wogula golide, wodula mitengo, wa katemera kapena wothawa njala, mwambo wake ulipo kale: apite naye kwa anyakwawa, apatsidwe mpando, anene kumene wachokera ndi chimene wadzera, ndipo ngati akufuna nthaka asonyeze mapepala ake pamaso pa anthu onse. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pabwalo ndi pamene pamadziwikira ngati kalumoko n'kometera kapena n'kochekera.